A Kuchikazi a Agogo Agnesi

Chinangwa chikangovuulidwa m'madzi, chidakali chofewa ndi chowawasa, chili ndi fungo limene limakakamira m'manja ngakhale usambe ndi sopo, ndipo ine ndikalimva ndimawaona Agogo Agnesi atakhala pa chiguduli kuseri kwa nyumba yawo, miyendo atatambasula, akufinya zidutswa zoyera n'kumaziponya mu lichero kuti akayanike pa thandala, kwinaku phulusa lakuda la nzimbe zimene ankatentha ku Dwangwa likugwa pang'onopang'ono pa chilichonse chimene anayanika. Phulusalo ankalitukwana ngati munthu. "Shuga adye ena, zinyalala zikhale zanga," ankatero, akulikupiza ndi nsonga ya chitenje.

Sanali agogo anga obala amayi kapena abambo. Tinangoyandikana nyumba ku Nkhunga, pakati pathu pali mtengo wa mango ndi kanjira kamene ndinakaponda ndekha mpaka udzu unaleka kumera, chifukwa iwo kwathu sankabwerabwera. M'mudzimo analowa ndi ukwati, pa chitengwa, ali mtsikana. Amuna awo anamwalira ine ndisanabadwe, ana awo awiri anatsogolanso osasiya mdzukulu, ndipo abale a amuna awo, ngakhale sanawathamangitse, ankawatchulabe kuti "amayi obwera aja" ngati anafika dzulo. Ankakhala okha ndi nkhuku zawo, ndipo m'mawa ukamva mawu kuseri kwa mango uja, ndiye kuti akukangana ndi tambala.

Nthawi imeneyo ndinali Fomu 2, ndipo ndinali ndi kope limene ndinkalembamo zonse zondichitikira pa tsiku. Kwathu kunali phokoso la azing'ono anga, choncho ndikaweruka kusukulu ndinkawatungira madzi agogowo, kenako n'kukhala pakhonde pawo kumalemba.

"Afika akalaliki," ankatero. "Lero mundilemba kuti ndaba chiyani?"

Sanali munthu wa nthano kapena wa malangizo. Ankandinena kuti ndimasenda chinangwa ngati mwana wa m'tauni, kuti ndidzakwatiwa ndi kope, kuti miyendo yanga ndi ya kakowa. Koma ndikajomba tsiku limodzi, mawa lake ndinkapeza mbatata yootcha atandibisira pansi pa mbale, iwo akuyang'ana kumbali ngati sakudziwa amene waiika.

Chaka chimenecho m'mudzi mwathu munamwalira mayi wina, nayenso wobwera pa chitengwa kuchokera ku Ntchisi. Tsiku loika maliro, woyendetsa mwambo ataitana kuti, "Tsopano timve kwa a kuchikazi," panaimirira amalume a malemuyo, ndipo kumbuyo kwawo kunali anthu amene anabwera atadzaza lole. Pobwerera ndinawagwira mkono agogo. Tinayenda mtunda ndithu, ndodo yawo ikumveka pa dothi louma.

"Iwe, unamva mmene anaitanira?" anandifunsa.

"Ndinamva, agogo."

"Tsiku langa adzaitananso choncho. A kuchikazi. Ndiye anthu adzayang'anana. Adzadikira pang'ono chifukwa cha ulemu, wina adzatsokomola, kenako adzati tiyeni tipitirize." Anaima n'kupuma. "Imfa sindikuiopa ayi, ndaiona kambiri. Ndikuopa chete ameneyo."

Ndinawafunsa ngati analibiretu abale a kwa amayi awo. Anandiuza mwachidule, akutola timitengo m'njira. Amayi awo anali a ku boma, kubanja la Chisilamu. Anakondana ndi msodzi wa ku Ngala, munthu wa tchalitchi, n'kubatizidwa pamodzi ndi kamwana kawo, n'kuchoka kwawo osabwereranso. Kamwanako kanali agogo. Amayiwo anamwalira agogo asanagwe mano a ubwana. Abambo awo anapita kukagwira ntchito kunja ndipo sanamvekenso, iwo n'kuleredwa ndi azakhali.

"Nanga amayi anuwo dzina lawo anali ndani?"

"Amayi."

"Dzina lenileni, agogo."

Anandiyang'ana ngati ndawaponda chala. "Iwe amako umawatchula dzina? Wakulera ndani?"

Anati anthu a ku Ngala ankangowaitana kuti Abiti. Koma Abiti ndi kungoti mwana wamkazi wa uje, ndipo dzina la ujeyo anthu a ku Ngala analisiya panjira. Mwana sakanafunsa, chifukwa dzina la kholo salitchula. Pamene anakula n'kufuna kudziwa, odziwa anali atatha. Anati ali mtsikana anapitako ku boma kamodzi n'kumafunsa pamsika za Abiti, ndipo amayi ogulitsa mpunga anawaseka n'kuwauza kuti onse amene akhala pamzerewo ndi Abiti, asankhepo okha.

Aphunzitsi athu a mbiri anali atatiuza kuti amishoni akale ankalemba aliyense wobatizidwa m'mabuku akuluakulu, ndipo ena mwa mabukuwo alipobe. Ndinawauza agogo. Anati mabuku amenewo chiswe chinadya kalekale, ndiponso ndani angatsegulire buku nkhalamba yopanda nsapato. Koma patapita masiku atatu ndinawapeza atachapa chitenje chawo cha kutchalitchi pakati pa sabata. Tsiku limenelo ndinalemba m'kope kuti: "Amayi andilola. Lachiwiri tipita ku boma. Ndikukhulupirira kuti tikawapeza abale a agogo, ndipo adzabwera ambiri kudzawaona, mpaka anthu a m'mudzi muno adzachita manyazi."

Tinakwera minibasi pa Dwangwa m'mawa, pa tchuthi cha mwezi wozizira. Agogo anakhala pawindo atagwiritsa mpando wakutsogolo ndi manja onse awiri, ndipo titaoloka Bua anati, "Mlathowu sunali pano," ngati wina wausuntha dala kuti awasokoneze.

Mlembi wa patchalitchi chakale cha mishoni anali bambo wachikulire wa magalasi omanga ndi ulusi. Anatimvetsera mpaka kumapeto, kenako anatilowetsa m'kachipinda konunkha mileme ndi mapepala akale.

"Mukufuna Agnesi uti, mayi?" anafunsa. "M'mabukumu muli ma Agnesi okwana kumiza bwato."

Agogo chaka sankachidziwa. Ankangokumbukira kuti azakhali awo ankati anabatizidwa nkhondo ya azungu itangotha, asilikali akubwerera kumudzi. Mlembiyo anatsitsa mabuku awiri olemera, m'mbali mwake modyedwa ndi chiswe, n'kundiuza kuti ndipukute manja ndipo ndisanyambite chala potembenuza. Zolembazo zinali za Chingerezi, zopendekeka, inki itasanduka yofiirira ngati tiyi. Ndinayenda ndi chala tsamba ndi tsamba mpaka dzuwa linafika pamutu. Ndinapeza ma Agnesi asanu.

"Tsopano tifunika dzina la abambo anu," anatero mlembi.

Agogo anayang'ana pansi. Kenako anandikoka phewa, n'kubweretsa pakamwa pawo pakhutu panga, n'kunong'ona kuti, "Yakobo." Atatero anapukuta milomo ndi chikhatho ngati alawa chinthu chosayenera.

Anali Agnesi wachinayi. Panali mizere iwiri yotsatizana, ya tsiku limodzi. Wapamwamba unali wa munthu wamkulu: Maria, dzina lakale Asiyatu, wa m'mudzi wa kwa Selemani. Wapansi unali wa mwana: Agnesi, dzina lakale Mwanaidi, bambo Yakobo wa ku Ngala. Ndinawerenga mokweza.

"Werenganso loyambalo," anatero agogo.

"Asiyatu."

Iwo sanalitchule. Milomo yokha inagwedezeka. Anakhala nthawi akuyang'ana tsambalo, ngakhale kuwerenga sankadziwa, kenako anafunsa, "Nanga winayo ndani?"

"Ndinu, agogo. Musanabatizidwe munali Mwanaidi."

"Ine?" Anapukusa mutu. "Ndiye ndakalamba ndili ndi dzina losavala. Lidakali latsopano."

Mlembiyo anaseka mpaka anavula magalasi. Ndiye amene anatiuza kuti kwa Selemani ndi kumwera kwa boma, kumadimba a mpunga, ndipo anatiitanira a kabaza awiri. Njira yonse ndinkamva agogo kumbuyo kwanga akumuuza wopalasayo kuti ngati akufuna kuwapha adikire kaye akaone anthu awo.

Kumudziko mayi wina amene ankayanika mpunga pa mphasa atamva dzina la Asiyatu anati iye salidziwa, koma za mayina a akale tikafunse aRajabu, atelala, chifukwa ndi amene amasunga pepala la banja. Tinawapeza pakhonde akupalasa makina osokera, bambo wa imvi, wowonda, atavala kapu yoyera, tepi ili m'khosi. Titapatsana moni ndinafotokoza zimene tabwerera. Makina anaima, koma phazi sanalichotse pa chopondera.

"Ngati ndi za dimba la mpunga," anatero, "linagawidwa kale. Ndikuuziranitu kuti tisatayane nthawi."

"Dimba ndilime ndi chiyani, ndi nkhama?" anayankha agogo. "Ndioneni bwino."

ARajabu anawayang'ana, kenako analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kachitini ka masikono. Munali pepala lopindidwa kanayi, lofewa ngati nsalu chifukwa chogwiridwagwiridwa. Anatifotokozera kuti chaka chilichonse, mwezi wosala usanayambe, banja lawo limaphika sadaka yokumbukira akufa, ndipo shehe amawerenga mayina onse a papepalalo popemphera dua. Loyamba linalembedwa m'zilembo za Chiarabu ndi amalume awo, ndipo iwo analikopera m'zilembo zathuzi litayamba kung'ambika. Anayenda ndi chala kuchokera pamwamba, akutchula chapansipansi, mpaka anaima.

"Asiyatu biti Selemani. Alipo." Chala chinatsika pang'ono. "Ndi mwana wake Mwanaidi. Awa anamwalira onse awiri, kalekale, kumpoto uko. Inu munali nawo chibale chanji?"

"Mwanaidi ndine," anatero agogo.

Nkhuku inadutsa pansi pa makina. Akazi a aRajabu, amene anali ataima pakhomo ndi mbale m'manja, anakhala pansi pomwepo.

"Ayi, mayi," anatero aRajabu. "Mwanaidi ndakhala ndikumva dzina lake pa sadaka kuyambira ndili mwana. Tamudyera mpunga zaka zonsezi."

"Munadya bwino. Koma ndine."

Ndinawaonetsa zimene ndinakopera m'buku la kutchalitchi. Anawerenga kawiri, akufananiza ndi pepala lawo. Kenako anayamba kufotokoza pang'onopang'ono, ngati akudziuza okha. Agogo awo aakazi, a Mwanaisha, anali akulu ake a Asiyatu, bere limodzi. A Mwanaishawo ankati kunabwera msodzi wina wochokera kumpoto n'kunena kuti matenda atenga mayi ndi mwana yemwe. Pabanja panali mkwiyo chifukwa Asiyatu anachoka ndi munthu wa tchalitchi, choncho palibe amene anapita kukaona manda.

"Koma mkwiyo sulowa mu dua," anatero. "Anawalemba onse awiri."

Anawerengera pa zala. "Amayi anu ndi agogo anga, mkulu ndi mng'ono. Inu ndi amayi anga mukanaitanana achemwali. Ndiye kuti inuyo ndinu amayi anga aang'ono."

"Mwana wa imvi chonchi ndinamubala liti?" anatero agogo.

ARajabu anatenga cholembera chimene ankalembera miyeso ya zovala n'kuyala pepala lija pa bondo. Agogo anawagwira dzanja.

"Mukufuna kutani?"

"Ndifufute, amayi. Shehe sawerenga amoyo pakati pa akufa."

"Siyani. Kwina konse kumene ndakhala palibe ananditchulapo m'pemphero. Inu mwanditchula chaka ndi chaka osandidziwa. Musalekere pano. Ndatsala pang'ono kulikwana pepalalo."

Anayang'anana nthawi yaitali. Kenako aRajabu anabweza cholembera kukhutu n'kupinda pepala lija momwe linalili.

Anatiphikira tiyi ndi mpunga wa nyemba. Ana a m'mudzimo anaunjikana kumpanda kudzaona munthu wa papepala akudya. Titasamba m'manja, agogo ananena chimene anabwerera.

"Ine sindikupempha malo, sindikupempha chakudya. Ndikafa, akadzaitana a kuchikazi, mudzaimirire. Basi."

ARajabu anakanda pansi pa kapu. "Kutchalitchi?"

"Pabwalo. Kuimirira kulibe mpingo."

"Inshallah," anatero.

Anatiuza kuti tigone, koma agogo anakana chifukwa cha nkhuku. Ndinalemba nambala ya foni ya aRajabu, n'kuwasiyira ya amayi anga. Mu minibasi pobwerera, titadutsanso Bua, agogo anandigunda ndi chigongono.

"Akalaliki, inu ophunzira. Inshallah ameneyu ndi eya kapena ndi ayi?"

Ndinati ndi eya. Ndinanena molimba mtima, chifukwa ndinali ndi zaka zoti munthu amakhulupirira kuti chimene wachifuna kwambiri chimachitika.

Koma palibe amene anabwera. Agogo anayamba kusesa pabwalo kawiri pa tsiku, anazira khonde, anasunga tambala wamkulu uja osamupha ngakhale pa Khirisimasi. Galimoto ikamveka kumsewu wa fumbi ankasiya chimene akuchita n'kutchera khutu mpaka phokoso litazimirira. Ndinaimba foni kamodzi, aRajabu anati ali ndi mayunifolomu ambiri osoka, abwera sukulu zikatsegula. Ndinaimbanso, anati mwendo ukuwavuta. Sanali munthu woipa. Anali ndi ana, zidzukulu ndi abale odzaza mudzi, ndipo agogo anali dzina limodzi mwa mayina ambiri. Patapita miyezi agogo analeka kufunsa, n'kubwerera kusesa kamodzi. Ndinalemba m'kope kuti: "Mwina ndinawalakwira agogo. Kale analibe woti azimudikira."

Anamwalira m'nyengo ya mvula, ine ndili Fomu 3. Amayi anga ndi amene anawapeza m'mawa, ataona kuti nkhuku sizinatsegulidwe. Ndinathamanga kukaimba foni. Anayankha mwana wamkazi wa aRajabu, nati abambo ake apita kumzikiti. Ndinamuuza zonse, ndi tsiku loika, ndi pomwe angatsikire. Anangoti, "Ndiwauza," foni n'kuduka.

Tsiku loika maliro kunagwa mvula m'mawa wonse. Anthu sanali ambiri. Amayi a mpingo anaimba, abale a amuna awo anakhala mbali yawo pansi pa tenti yodontha, ndipo ine ndinakhala kumbuyo kwa amayi anga ndikuyang'ana njira mpaka khosi linawawa. Sindinaone mlendo aliyense. A kuchimuna analankhula. A mpingo analankhula. Kenako woyendetsa mwambo anayang'ana papepala lake, n'kunena mofulumira ngati munthu wodziwa kale kuti sipakhala yankho:

"A kuchikazi, ngati alipo."

Chete uja anafika ndendende momwe agogo ananenera. Anthu anayang'anana. Madzi ankadontha kuchokera pa tenti kugwera mu chidebe. Wina anatsokomola. Ine ndinaweramitsa mutu, chifukwa ndinali nditawauza kuti ndi eya.

"Tilipo."

Mawuwo anachokera kuseri kwa mtengo wa mango, kumene amuna ochedwa anabisala mvula. ARajabu anatuluka akutsimphina, mkanjo wawo woyera uli matope mpaka m'maondo, kapu ili m'mutu. Anali okha. Anayenda mpaka pakati pa bwalo, anthu onse akuwayang'ana, n'kuima pafupi ndi bokosi.

"Ine ndine Rajabu, ndachokera kwa Selemani, ku boma. Amene agona apawa ndi amayi anga aang'ono. Kwathu ndi a Mwanaidi, mwana wa Asiyatu. Tinawataya ali kamwana, inu munatisungira mpaka akalamba. Ife a kuchikazi tilibe dandaulo. Tikuthokoza."

Anangonena zomwezo. Anabwerera n'kukakhala pa njerwa. Ndinamva mayi wina wa kuchimuna akunong'oneza mnzake kuti, "Kani anali ndi kwawo."

Titachoka kumanda aRajabu anati sadikira chakudya, chifukwa minibasi zimavuta mvula ikagwa. Amayi anandiuza kuti ndiwaperekeze kumsewu waukulu. Tinayenda pang'onopang'ono chifukwa cha mwendo wawo, tikulambalala zithaphwi. Titafika pa M5 anaima, n'kuyang'ana minda ya nzimbe, kenako anatembenukira kwa ine.

"Mwana wanga, ine ndawaimirira, koma ndinawaona kamodzi kokha. Kunyumba akandifunsa. Anali munthu wotani?"

Palibe anali atandifunsapo funso limenelo, ndipo ndinazindikira pomwepo kuti m'dziko lonse woyankha ndinatsala ndekha. Ndinayamba ndi zimene zinabwera msanga. Ndinati anali aukali pakamwa. Ndinati sankadya usipa wopanda tomato, ankati kuli bwino kugona ndi njala. Ndinati ankaimba nyimbo za kutchalitchi molakwitsa mawu ndipo ukawakonza ankati Mulungu wamva. ARajabu anaseka, nati agogo awo a Mwanaisha analinso choncho, munthu wosakonzeka. Ndinali nditangoyamba kumene pamene minibasi inaima, kondakitala akumenya chitseko. Anakwera movutikira, n'kutulutsa mutu pawindo.

"Udzabwere udzamalize," anatero.

Tsopano ndinamaliza Fomu 4 ndipo ndikudikira zotsatira. Nyumba ya agogo inagwa ndi mvula yotsatira, ndipo abale a amuna awo anadzalapo chimanga. Ana amene akukula m'mudzi muno sadziwa n'komwe kuti panali khomo. Chichokereni tsiku lija palibe wina amene wandifunsa za iwo, choncho yankho lotsala lija ndimayenda nalo ndekha, ndipo limanka likula, chifukwa ndikamatunga madzi kapena ndikamapita kuchigayo ndimakumbukira kanthu kena kamene ndinaiwala kunena pamsewu paja. Mwezi watha mwana wa aRajabu anaimba foni kunena kuti sadaka ya chaka chino ili pafupi, ndipo abambo ake akuti mlendo wa ku Nkhunga asaiwale. Amayi andilola. Ndidzakhala kumbuyo pamodzi ndi amayi a kumeneko, nditafunda mpango wobwereka, ndipo shehe akadzafika pa dzina la Mwanaidi, pabwalo lonselo padzakhala munthu mmodzi wodziwa mmene ankasekera.